Kukonzanso pikiapu yakale ndi kupangitsa propshaft yake

Kukonzanso pikiapu yakale ndi ntchito yomasula galimoto yonyamula katundu yomwe yakhala zaka makumi angapo, kuichotsa dzimbiri, kusintha zitsulo zonse zotha ndi kuimanganso mpaka iyende ndi kuoneka ngati yatsopano. Ntchitoyi imasiyana ndi kukonza kwa tsiku ndi tsiku kwa ku galaja, kumene makaniko amangosintha chomwe chawonongeka kuti mwini galimoto apitirize ulendo. Apa galimoto yonse imatsitsidwa, nthawi zina mpaka kutsala chasisi chokha, ndipo ntchito imatenga miyezi kapena zaka.

Ntchitoyi ndi yotchuka kwambiri ku United States, kumene mapikiapu akale monga Ford F-100 ndi Chevrolet C10 ali ndi anthu ambiri owakonda. Ena amafuna galimoto ibwerere ndendende mmene inatulukira ku fakitale. Ena amasunga maonekedwe akale koma n'kuikamo injini, giyabokosi ndi mabuleki amakono, ndipo galimoto yotere amaitcha restomod. M'gulu lachiwirili ndi mmene mumabuka vuto la propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chomwe chimatenga mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu. Ku America amachitcha driveshaft, pomwe ku Britain ndi m'mayiko ambiri a kummwera kwa Africa amati propshaft. Injini, giyabokosi kapena msinkhu wa galimoto zikasintha, propshaft yakale imasiya kukwana, ndipo yatsopano siigulidwa yopangiratu. Imayezedwa pa galimoto yeniyeniyo kenako n'kupangitsidwa.

Chevrolet C10

Kampani ya General Motors inayamba kupanga mapikiapu a mtundu wa C/K mu 1960. Chilembo C chimaimira galimoto yokoka ndi matayala a kumbuyo okha, K chimaimira yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo nambala 10 imaimira gulu la theka la tani. Ma C10 omwe anthu amawafuna kwambiri ndi a zaka za 1967 mpaka 1972. Ankapangidwa aafupi ndi aatali. Waufupi unali ndi mtunda wa mainchi 115, pafupifupi mamita 2.9, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Wautali unali ndi mainchi 127, pafupifupi mamita 3.2, ndipo bodi yake ya katundu inali yotalika mafiti 8.

Mainjini ake anali osiyanasiyana, kuphatikizapo ya masilinda 6 ya malita 4.1 ndi V8 ya malita 5.7 yomwe imadziwika ndi nambala 350. Mu 1971 mabuleki a kutsogolo anasintha n'kukhala a disc. Kumbuyo, ma C10 ambiri a nthawiyi analibe masipuling'i a zitsulo zosanjikiza omwe anthu anazolowera kuona pa mapikiapu. Ekiselo inkagwiridwa ndi mikono iwiri yaitali yachitsulo yochokera pakati pa chasisi, ndipo pamwamba pake pankakhala masipuling'i opiringizika. Kapangidweka kamachititsa kuti galimoto iziyenda mofewa, komanso kuti ikhale yosavuta kuitsitsa. Propshaft imadutsa pa chitsulo chopingasa chomwe mikonoyo yamangirirapo, ndipo pa magalimoto ambiri, makamaka aatali, inali ya zidutswa ziwiri zokumana pa bering'i ya pakati.

Magawo oyamba a ntchito

Wogula wanzeru amayamba ndi kuyang'ana dzimbiri, osati injini. Injini yotha imasinthika m'masiku ochepa, koma kebini yodyeka imadya ndalama ndi nthawi. Pa C10 dzimbiri limakonda makona a kumunsi kwa kebini, zitsulo za pansi pa zitseko, pansi popondapo ndi malo amene kebini imakhalira pa chasisi. M'zigawo za kumpoto kwa United States amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umadya chitsulo. N'chifukwa chake magalimoto ochokera kumadera ouma monga Arizona amakwera mtengo ngakhale penti yawo itapsa ndi dzuwa.

Pomasula, bodi ya katundu ndi kebini zimachotsedwa, mabawuti amaikidwa m'timatumba tolembedwa, ndipo chilichonse chimajambulidwa chisanachotsedwe. Chasisi chimayeretsedwa popopera mchenga ndi mpweya wamphamvu, kenako chimayezedwa mopingasa kuchokera kona ina kupita ina kuti aone ngati chinapindika pangozi. Malo odyeka pa kebini amadulidwa n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano. Kuphimba dzimbiri ndi fila kumanyenga maso kwa chaka chimodzi kapena ziwiri basi, kenako penti imayamba kutupa. Zitsulo zambiri za C10 zimapangidwabe zatsopano ndi makampani ena, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu oyamba kumene ntchitoyi amasankhira galimotoyi.

Pambuyo pake pamabwera masipuling'i, mashoko, mabuleki, mapaipi a mafuta ndi mawaya a magetsi. Injini ndi giyabokosi zimaikidwa, kebini imabwerera pamalo pake. Propshaft imakhala pafupi ndi mapeto a ntchito yonse, ndipo iyenera kutero. Amene amaipangitsa msanga kawirikawiri amailipira kawiri.

Ntchito ya propshaft

Giyabokosi imamangidwa ku chasisi, koma difu ili pa ekiselo yomwe imakwera ndi kutsika nthawi zonse galimoto ikamadutsa m'mabampu kapena ikanyamula katundu. Choncho chitsulo cholumikiza ziwirizi chiyenera kuchita zinthu zitatu nthawi imodzi. Chiyenera kuzungulira ndi mphamvu yonse ya injini, kupindika kumapeto kwake, komanso kutalika ndi kufupika pang'ono.

Thupi la propshaft ndi paipi yachitsulo yopanda kanthu mkati. Kumapeto konse kuli mafoloko otchedwa yoke, omwe amagwira universal joint. Pakati pa jointiyi pali chitsulo chooneka ngati mtanda, ndipo pa nsonga zake zinayi pali tizikho tokhala ndi tizitsulo ting'onoting'ono tonga singano tomwe timagudubuzika mu girizi. Kutalika ndi kufupika kumachitika pa slip yoke, paipi yaifupi ya mano mkati yomwe imalowa pa shafti yotulukira ya giyabokosi n'kumatsetsereka.

Jointi yamtunduwu ndi yakale kuposa galimoto. Imatchedwanso ndi dzina la Gerolamo Cardano, katswiri wa masamu wa ku Italy wa zaka za m'ma 1500, kapena la Robert Hooke wa ku England, yemwe anaifufuza m'zaka za m'ma 1600 n'kuona kuti siizungulira mofanana nthawi zonse. Magalimoto ambiri oyambirira ankakoka matayala ndi tcheni ngati njinga. Louis Renault anagwiritsa ntchito shafti pa galimoto yake yoyamba mu 1898. Ku America, Clarence Spicer analembetsa jointi yotsekeredwa m'chikuto mu 1903 ndipo anayamba kuipanga mu 1904 ku Plainfield, New Jersey. Kampani yakeyo ndi yomwe inadzakhala Dana, ndipo mpaka lero masayizi a majointi amatchulidwa ndi manambala a Spicer monga 1310, 1330 ndi 1350.

Chifukwa chake yakale imasiya kukwana

Chifukwa chofala kwambiri ndi kusintha giyabokosi. Ma C10 ambiri a otomatiki anali ndi Turbo-Hydramatic 350 ya magiya atatu. Anthu ambiri amaichotsa n'kuikamo 700R4, yomwe General Motors inatulutsa mu 1982, kapena 4L60E yomwe inabwera pambuyo pake. Izi zili ndi giya yachinayi yomwe imatsitsa kuzungulira kwa injini pa msewu waukulu ndi kupulumutsa mafuta. Koma 700R4 ndi yaitali ndi mainchi pafupifupi 3 kuposa TH350 ya mchira waufupi, choncho propshaft yakale imatalika. Mano a shafti yotulukira nawonso amasiyana. TH350 ndi 700R4 zili ndi mano 27, pomwe TH400 ili ndi mano 32, ndiye kuti slip yoke ya imodzi siingalowe pa inzake.

Injini nayo imasuntha zinthu. Mainjini a mtundu wa LS, omwe anayamba mu 1997 mu Corvette ndipo mu 1999 anayamba kuikidwa m'mapikiapu a General Motors, ndi omwe amaikidwa kwambiri mu C10 masiku ano. Zomangira zake zimalola injini kukhala patsogolo kapena pambuyo pang'ono, ndipo sentimita iliyonse yomwe injini yasuntha imasinthanso utali wa propshaft. Mphamvu ya injini yatsopano ikhozanso kuposa zomwe majointi akale angapirire.

Chachitatu ndi msinkhu. Kutsitsa C10 ndi mainchi 4 kapena 6 kumbuyo ndi chinthu chofala. Ekiselo ikayandikira chasisi, difu imasuntha, mphuno yake imaloza kwina, ndipo paipi ikhoza kumagunda chitsulo chopingasa chija. Kusintha ekiselo yonse, mwachitsanzo kuikamo ya Ford ya mainchi 9 yomwe ambiri amaikonda chifukwa cha kulimba, kumabweretsa yoke ya sayizi ina pa mtunda wina.

Kuyeza utali

Lamulo lalikulu ndi lakuti galimoto iyezedwe itaima pa matayala ake, ndi kulemera kwake konse. Ikakhala pa jeki kapena pa lifti yomwe imasiya matayala akulendewera, ekiselo imatsika ndipo muyezo umanama. Ikakhala yopanda bodi ya katundu, thanki ya mafuta kapena kebini, masipuling'i sanakhale pamalo pake enieni. Ngati pakufunika malo ogwirira ntchito pansi, zochirikiza zimaikidwa pansi pa ekiselo osati pansi pa chasisi.

Njira yodziwika ndi iyi. Slip yoke imakankhidwira mkati mwa giyabokosi mpaka itagunda, kenako imakokedwa kubwerera ndi magawo atatu mwa anayi a inchi kapena inchi imodzi, kutanthauza masentimita 2 mpaka 2.5. Kuchokera pamenepo amayeza mtunda wochokera pakati pa jointi ya kutsogolo kufika pakati pa jointi ya kumbuyo. Opanga ena amafuna muyezo wina, wochokera pa silo ya kumchira kwa giyabokosi kufika pa nkhope ya yoke ya difu, ndipo amafunanso kudziwa kuti shafti yotulukira yatuluka bwanji kunja kwa silo. Chofunika n'chakuti woyeza ndi wopanga amvane kuti muyezo wayambira pati ndipo wathera pati.

Mpata wa masentimita awiriwo ndi waung'ono koma ndi umene umateteza giyabokosi. Propshaft ikatalika, slip yoke imagunda mkati galimoto ikagwera m'dzenje, ndipo kugundako kukhoza kuswa mchira wa giyabokosi kapena kuwononga mabering'i a difu. Ikafupika, mano ochepa okha ndi amene amagwira, yoke imagwedera, silo imayamba kudontha mafuta, ndipo ekiselo ikatsika kwambiri yoke ikhoza kusololoka. Muyezo wabwino umatsimikizidwa pokweza ndi kutsitsa ekiselo mpaka malire ake onse awiri. Pa magalimoto a masipuling'i a mpweya, omwe amatha kugona pansi akaimikidwa, kutsimikizaku n'kosalumphika.

Sayizi ya majointi imayezedwanso. Jointi ya 1310 ndi yotambalala mainchi 3.219 ndipo tizikho take ndi ta mainchi 1.062. Ya 1350 ndi yotambalala mainchi 3.625, tizikho take mainchi 1.188. Ya 1330 ili pakati, chifukwa ili ndi kutambalala kwa 1350 koma tizikho ta 1310. Pali majointi ophatikiza omwe mbali ina ndi sayizi ina, mbali ina sayizi ina, olumikizira mayoke osiyana. Amagwira ntchito, koma mphamvu yake ndi ya mbali yaing'onoyo.

Kupendekeka kwa majointi

Apa ndi pamene pamakhala mavuto ambiri omwe anthu amawanamizira wopanga propshaft. Universal joint ikakhala yopindika, mbali yotuluka siizungulira pa liwiro lofanana ndi mbali yolowa. Pa kuzungulira kumodzi imathamanga kawiri ndi kuchedwa kawiri. Ikapindika ndi madigiri 3, kusiyanaku ndi kochepa kwambiri, sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 500. Pa madigiri 10 kumafika pa 1.5 peresenti, ndipo pa madigiri 30 kumafika pa 15 peresenti. Kuthamanga ndi kuchedwa kotereku kukamachitika maulendo masauzande pa miniti, woyendetsa amamva kunjenjemera pansi pa mpando.

Mankhwala ake ndi jointi yachiwiri. Ngati jointi ya kumbuyo yapindika mofanana ndi ya kutsogolo, imachedwetsa pamene inzake yathamangitsa ndipo difu imalandira kuzungulira kosalala. Kuti zimenezi zitheke pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba, mafoloko awiri a kumapeto kwa paipi ayenera kuyang'ana mbali imodzi. Izi zimakhazikitsidwa powotcherera, ndipo zikalakwika palibe chokonzera pagalimoto. Pa propshaft yomwe ili ndi mano otsetsereka pakati, munthu akhoza kusokoneza zimenezi poibwezeretsa atalumpha dzino limodzi, n'chifukwa chake amakaniko amaika chizindikiro asanaisolole. Chachiwiri, shafti yotulukira ya giyabokosi ndi mphuno ya difu ziyenera kupendekeka mofanana. Ngati mchira wa giyabokosi waloza pansi ndi madigiri 3, mphuno ya difu iloze m'mwamba ndi madigiri 3, kuti mizere iwiriyo ikhale ngati njanji.

Zimene zimawerengedwa si kupendekeka kwa paipi poyerekeza ndi nthaka, koma kusiyana pakati pa paipi ndi chomwe yalumikizana nacho. Mwachitsanzo, ngati giyabokosi yatsika ndi madigiri 3 kulowera kumbuyo ndipo paipi yatsika ndi madigiri 5, jointi ya kutsogolo ikugwira ntchito pa madigiri 2. Ngati mzere wa difu nawonso uli pa madigiri 3, ya kumbuyo ilinso pa madigiri 2. Malangizo odziwika a opanga majointi amati majointi awiri asasiyane ndi digiri yoposa imodzi, ndipo pa galimoto ya pamsewu asapitirire madigiri 3 kuti akhalitse. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti kuwongoka kotheratu nakonso n'koipa. Jointi yopanda kupindika konse siigudubuza tisingano take, girizi sazungulira, ndipo tisinganoto timadinda timizere pa mtanda. Pamafunika kupindika kosachepera theka la digiri.

Kuyezaku kumachitika ndi kachipangizo kakang'ono koyezera madigiri kokhala ndi maginito, ndipo masiku ano ena amagwiritsa ntchito foni. Kukonza kumachitika poika tizitsulo topyapyala pansi pa chomangira giyabokosi, kapena tizitsulo tosongoka ngati mphero pakati pa ekiselo ndi mikono yake. Pa mapikiapu a masipuling'i osanjikiza, ngati C10 ya kuyambira 1973, mphuno ya difu imanyamuka injini ikamakoka chifukwa masipuling'i amapotoka. Choncho amakaniko amailozetsa pansi pang'ono, digiri imodzi kapena ziwiri kuposa muyezo, kuti ifike pamalo oyenera galimoto ikakhala paulendo.

Propshaft ya zidutswa ziwiri ili ndi majointi atatu, ndipo kuwerengera kwake n'kovutirapo. Msinkhu wa bering'i ya pakati umasintha majointi awiri nthawi imodzi. Pa C10 yotsitsidwa, bering'iyi kawirikawiri imafunika kukwezedwa, ndipo makampani ena amagulitsa chitsulo chopingasa chatsopano chokhala ndi bowo lalikulu komanso lokwera.

Liwiro loopsa

Anthu ambiri okonzanso C10 amafuna kutaya propshaft ya zidutswa ziwiri n'kuika ya paipi imodzi, poti ilibe bering'i ya pakati yomwe rabala yake imatha. Pa galimoto yaifupi izi zimatheka bwino. Pa yaitali pamafunika kuwerengera kaye.

Paipi iliyonse yozungulira ili ndi liwiro lomwe ikafikapo imayamba kupindika pakati n'kumakwapula ngati chingwe chomwe ana amalumpha. Akatswiri amalitcha critical speed. Liwiroli limatsika msanga paipi ikamatalika, moti paipi yotalika kawiri imafika pa liwiro loopsa pa gawo limodzi mwa magawo anayi a liwiro la yaifupi. Kuwerengera kwa pa pepala kumasonyeza kuti paipi yachitsulo yonenepa mainchi 3, yotalika mamita 1.4, imafika pamenepa ikamazungulira maulendo pafupifupi 6,500 pa miniti. Paipi yomweyo ikatalika mamita 1.8 imafikapo pa maulendo osakwana 4,000. Pa galimoto yeniyeni malirewa amatsika kuposa apa chifukwa majointi ndi slip yoke zimagwedera pang'ono, ndipo opanga amasiya mpata wina wachitetezo.

Manambalawa ayerekezedwe ndi liwiro la propshaft pamsewu. Liwiro limeneli silidalira giya yomwe galimoto ili, koma kukula kwa matayala ndi magiya a difu. Tayala lotalika mainchi 28 limazungulira maulendo pafupifupi 820 pa miniti galimoto ikamayenda makilomita 110 pa ola. Ngati difu ndi ya 3.73, kutanthauza kuti propshaft imazungulira maulendo 3.73 kuti tayala lizungulire kamodzi, ndiye kuti propshaft ikuzungulira maulendo opitirira pang'ono 3,000. Kwa paipi ya mamita 1.4 palibe vuto. Kwa ya mamita 1.8 malire ayandikira kale, ndipo woyendetsa akangoponda moto kuti apitirire lole, akhoza kuwafika.

Giya yachinayi ya 700R4 imabisa ngoziyi. Pa giya imeneyi injini imazungulira maulendo 70 pa maulendo 100 aliwonse a propshaft, choncho propshaft ikakhala pa 3,000 injini ili pa 2,100 basi ndipo ikumveka yodekha. Ndi giyabokosi yakale ya magiya atatu, phokoso la injini linkamuletsa lokha woyendetsa kuthamanga kwambiri. Ndi yatsopano palibe chomuchenjeza. Propshaft ikathyoka pa liwiro lotere imaboola pansi pa kebini, imadula mapaipi a mabuleki ndi mafuta, ndipo ngati yathyokera kutsogolo nsonga yake ikhoza kulasa msewu n'kunyamula kumbuyo kwa galimoto.

Njira zothetsera vutoli ndi kunenepetsa paipi kapena kuigawa pawiri. Kukhuthala kwa khoma la paipi kumawonjezera mphamvu yopirira kupotoka, koma sikukweza liwiro loopsa. Chomwe chimalikweza ndi kunenepa kwa paipi. Aluminiyamu payokha siithandiza kwambiri, chifukwa ngakhale ndi yopepuka katatu kuposa chitsulo, ndi yofewanso pafupifupi katatu. Ubwino wake ndi wakuti paipi ya mainchi 4 kapena kuposa imapangika popanda kulemera kwambiri. Carbon fibre ndi yomwe imakweza malire kwambiri, koma ndi yodula ndipo ikagundidwa ndi mwala siikonzeka. Pa pikiapu yaitali yomwe idzanyamulebe katundu, kusunga zidutswa ziwiri monga anachitira a ku fakitale nthawi zambiri ndi nzeru yabwino kuposa zonsezi.

Mmene imapangidwira

Ngati propshaft yakale ndi yowongoka, yopanda dzimbiri ndipo yangotalika, ikhoza kufupikitsidwa. Chowotcherera cha foloko imodzi chimadulidwa pa makina a lathe, paipi imadulidwa, foloko imabwezeretsedwa. Kutalikitsa sikuchitika polumikiza kachidutswa pakati. Paipi yonse imasinthidwa.

Yatsopano imayamba ndi paipi yopangidwira ntchitoyi, yomwe khoma lake ndi lofanana kuzungulira konse. Paipi ya madzi kapena ya mpanda siiyenera, ngakhale ikhale yokhuthala bwanji, chifukwa mbali ina imalemera kuposa inzake. Paipi imadulidwa mowongoka pa lathe, mafoloko amakankhidwira mkati ndi makina opanikiza atayang'anitsidwa mbali imodzi, kenako paipi imazunguliridwa pang'onopang'ono uku kachipangizo ka singano kakuyeza kugwedera kwake kumapeto ndi pakati. Opanga abwino amafuna kugwederaku kusapitirire gawo laling'ono la milimita imodzi. Akawotcherera amayezanso, chifukwa kutentha kumakoka chitsulo, ndipo ngati yapindika imawongoledwa.

Gawo lomaliza ndi balansi. Propshaft, majointi ake ali pomwepo, imazunguliridwa pa makina omwe amasonyeza mbali yopepuka, ndipo pamenepo amawotchererapo kachitsulo kakang'ono. Tizitsulo tomwe timaoneka tomatidwa pafupi ndi mapeto a propshaft ndi timeneti, ndipo sitiyenera kugumulidwa poyeretsa kapena popenta. Balansi siichiza paipi yopindika. Propshaft yodzaza ndi tizitsulo tambiri ndi chizindikiro chakuti wopanga analumpha gawo lowongola.

Zonsezi sizikhudza magalimoto a ku America okha. Nissan 1400, yomwe inayamba ngati Datsun 1200 ndipo inapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008, komanso Toyota Hilux yakale, zonse zimakoka ndi propshaft ya mtundu womwewu. Makaniko woika injini ndi giyabokosi ya galimoto ina mu imodzi mwa izi amakumana ndi mafunso omwewa a utali, kupendekeka ndi balansi. Propshaft yodulidwa ndi sowo n'kuwotchereredwa pansi popanda lathe imayendetsa galimoto, koma imadya majointi, masilo ndi mabering'i mobwerezabwereza.

Kuika ndi kuyesa

Poika, slip yoke imapakidwa mafuta pang'ono kunja kuti isang'ambe silo. Tizikho ta jointi ya kumbuyo timamangidwa ndi tepi kufikira titakhala mu yoke ya difu, chifukwa kachikho kakagwa tisingano timabalalika, ndipo kamodzi kakagona pansi pa kachikho jointi siikhala pakati. Mabawuti ogwira tizikho amamangidwa pa muyezo wake. Kumanga kwambiri kumafinya kachikho n'kupha tisingano tamkati. Akamaliza, propshaft imazunguliridwa ndi manja kuti aone ngati ikukhudza ekizosi, chitsulo chopingasa kapena pansi pa kebini, ndipo amakumbukira kuti ekiselo ikakwera mpata umachepa.

Pamsewu, mtundu wa kunjenjemera umaloza komwe kuli vuto. Kunjenjemera komwe kumayamba pa liwiro lina n'kumakula galimoto ikamathamanga, ngakhale giya itachotsedwa, kumaloza ku balansi kapena kugwedera kwa paipi. Kugwedezeka ponyamuka kapena pokwera chitunda ndi katundu, komwe kumatha phazi likachoka pa moto, kumaloza ku kupendekeka kwa majointi. Kunjenjemera kwa matayala kumasiyana ndi izi chifukwa ndi kodekha, popeza tayala limazungulira kamodzi pamene propshaft yazungulira maulendo atatu kapena anayi. Kwa propshaft kumamveka ngati kulira kwa njuchi ndipo kumasokoneza chithunzi pa galasi loonera kumbuyo. Kugunda kwa chitsulo poika giya kapena kulira kwa tswii tswii poyenda pang'onopang'ono ndi zizindikiro za jointi youma kapena yotha. Nthawi zina kumasula propshaft pa difu n'kuitembenuza theka la kuzungulira kumachepetsa kunjenjemera, ngati vuto lili pa yoke ya difu.

Majointi alipo a mitundu iwiri, okhala ndi kamlomo kopoperapo girizi ndi otsekeratu. Otsekeratu ndi olimbirapo chifukwa mtanda wake sunabooledwe mkati, pomwe a kamlomo amakhalitsa m'fumbi ndi m'matope ngati mwini wake sawaiwala. Girizi amapopedwa mpaka watsopano atatulukira pa tizikho tonse tinayi.

Pa magalimoto a mainjini amphamvu amawonjezera chitsulo chozungulira ngati mphete chomwe chimamangidwa ku chasisi n'kuzinga propshaft popanda kuikhudza. Jointi ya kutsogolo ikaduka, mpheteyi imagwira paipi kuti isagwere pamsewu. Bungwe la National Hot Rod Association, lomwe limayendetsa mipikisano ya liwiro ku United States, limalamula mphete yotere pa magalimoto ofika pa liwiro lina, ndipo limati ikhale mkati mwa mainchi 6 kuchokera pa jointi ya kutsogolo.